KALONDOLONDO WA MATENDA A MILEME AYAMBIRE PAKHOLA LA MLIMI



Pa 28 Okutobala 2016, ana a nkhumba adayamba kufa pa famu ina m'dera la Qingyuan, chigawo cha Guangdong, m'dziko la China. Ankasanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo mwa aja amene anali asanapitirire masiku 5 chibadwire, pena pankafa 9 mwa 10 alionse. Pofika kumayambiriro kwa Meyi 2017, mafamu anayi a m'chigawocho anali atataya ana a nkhumba 24,693. Akatswiri atayeza, adapeza kachilombo ka banja la korona kamene kanali kasanaonekepo m'ziweto. Atafananitsa ndi zomwe adasunga kale m'malabotale, adaona kuti m'bale wake weniweni amakhala m'matumbo mwa mileme ya m'mapanga a chigawo chomwecho.

Gwero la matendawa lidadziwika msanga chifukwa cha magulu awiri a anthu. Panali akatswiri amene kwa zaka zingapo ankapita kumapanga kukayeza mileme, ndipo panali eni nkhumba amene adanena kuti kukhola kwavuta. Pakadasowa gulu limodzi, nkhumbazo zikadangokwiriridwa, nkhani n'kuthera kudzenje komweko.

Tikudziwa kuti ena mufunsa kuti nkhani ya mileme ya ku China yalowa bwanji m'kalata ya alimi, pamene feteleza akukwera mtengo chaka ndi chaka ndipo mavenda akutibera pasikelo. Yalowa chifukwa matenda a mileme akamapita kwa anthu, kawirikawiri amayamba agona pakhola la mlimi. Woyamba kuwaona ndi mlimi, woyamba kuluza ndi mlimi, ndipo likatuluka lamulo loti ziweto ziphedwe, misika itsekedwe, wolipira ndi mlimi yemweyo. Koma akuluakulu akakhala pansi kukonza za kalondolondo wa matendawa, mpando wa mlimi sukhalapo. Ife tikuti kalondolondoyu ndi wofunika, achitike kuno kwathu ndi ndalama zathu, ndipo ayambire pakhola.

Korona ndi banja lalikulu

Ambiri dzina la korona tidalimva koyamba mu 2020, koma korona ndi banja lalikulu la tizilombo tosaoneka ndi maso. Tina timagwira nkhuku, tina ng'ombe, tina nkhumba, agalu ndi amphaka. Mitundu 7 ndiyo yodziwika bwino kuti imafala pakati pa anthu: inayi imayambitsa chimfine wamba, itatu ndi ija yoopsa ya SARS, MERS ndi Covid-19.

Nkhokwe yaikulu ya banja limeneli ndi mileme. Padziko lonse pali mitundu ya mileme yoposa 1,400, ndipo kuno ku Malawi ilipo yoposa 60. Mileme imasunga tizilomboti m'matumbo osadwala, n'kumatitulutsa m'zitosi. Tambiri sitingalowe m'thupi la munthu, chifukwa kachilombo kali ngati kiyi, kamatsegula loko yekhayo amene kagwirizana naye. Vuto n'lakuti makiyiwa amasintha. Mlimi aliyense akudziwa zomwe zimachitika akadzala chimanga cha makolo moyandikana ndi cha haibulidi: mungu umasakanikirana, mbewu ya chaka chamawa n'kutuluka ina. N'chimodzimodzi m'phanga momwe mileme zikwizikwi imagona mothithikana. Tizilombo tiwiri tikakumana m'thupi la mleme umodzi timasinthana ziwalo, n'kubadwa kachilombo katsopano. N'chifukwa chake kuyeza kamodzi n'kumapita sikuthandiza; pamafunika kubwererako nyengo ndi nyengo.

SARS idayambira m'chigawo chomwechi cha Guangdong mu Novembala 2002. Idagwira anthu oposa 8,000 m'maiko pafupifupi 30, n'kupha 774. Kachilombo kake kadapezeka m'tinyama tofanana ndi fungwe tomwe anthu ankaweta n'kumagulitsa m'misika, ndipo mu Januwale 2004 boma la kumeneko lidalamula kuti tinyama pafupifupi 10,000 tiphedwe. Mu 2005 m'pamene zidadziwika kuti tinyamato tidangokhala mlatho. Eni ake a tizilombo ta mtundu umenewu ndi mileme ing'onoing'ono yodya udzudzu ndi agulugufe a usiku, imene akatswiri amaitcha Rhinolophus. Mu 2017 gulu la Shi Zhengli wa mumzinda wa Wuhan lidalengeza kuti litayendera phanga limodzi la m'chigawo cha Yunnan kwa zaka zisanu, lidapezamo tizilombo tokhala ndi ziwalo zonse zomwe zidapanga kachilombo ka SARS.

MERS idadziwika mu 2012 ku Saudi Arabia. Imapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse opezeka nayo, imafika kwa anthu kudzera mu ngamila, ndipo achibale ake adapezeka m'mileme. Pa za Covid-19, mkangano ukadalipo ngati kachilomboka kadafika kwa anthu kudzera pamsika wa nyama zamoyo kapena pangozi ya mu labotale ku Wuhan. Koma onse okangana akuvomereza kuti achibale ake apafupi ali m'mileme ya Rhinolophus. Kena kamene kadapezeka m'mapanga a ku Laos, kotchedwa BANAL-52, kakufanana nako ndi 96.8 peresenti.

Mlatho wake ndi chiweto

Tawerenganinso nkhanizi, muone amene waima pakati pa mleme ndi anthu a m'mizinda. Pa SARS anali woweta tinyama ndi wogulitsa pamsika. Pa MERS ndi woweta ngamila. Ku Qingyuan anali woweta nkhumba, ndipo ngakhale antchito a m'mafamu amene adayezedwa sadapezeke nako kachilomboko, mu 2020 akatswiri a ku America adaonetsa mu labotale kuti kamatha kuswana m'maselo a munthu.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha Nipah, kachilombo ka banja lina osati la korona, koma koyenda njira yomweyi. Ku Malaysia alimi adadzala mitengo ya zipatso monga mango m'mphepete mwa makola a nkhumba. Mileme yodya zipatso inkabwera usiku n'kumagwetsera m'makola zipatso zolumaluma zodzaza malovu ake. Nkhumba zidadya, zidadwala, n'kupatsira ozisamalira. Mu 1998 ndi 1999 adadwala anthu 265, ndipo 105 adamwalira, ambiri mwa iwo alimi ndi antchito a m'mafamu. Nkhumba zoposa 1 miliyoni zidaphedwa. Miyezi yoyambirira idapita pachabe chifukwa akuluakulu ankati ndi matenda ofalitsidwa ndi udzudzu. Ankapopera mankhwala a udzudzu, kwinaku nkhumba zodwala zikugulitsidwa motchipa kupita kumadera ena.

Tifunsane tokha. Ndi angati mwa ife tidamanga khola la nkhumba pansi pa mtengo wa mango kapena wa gwafa pofuna mthunzi? Ndi angati timatola mango ogwa usiku, olumidwa kale, n'kuponyera nkhumba kapena kupatsa ana?

Nthawi zina pakati sipakhala ngakhale chiweto. Mu 2015 akatswiri adatenga magazi a anthu 218 a m'midzi yoyandikana ndi mapanga a mileme ku Yunnan. Mwa anthu 6 adapeza zizindikiro zoti thupi lawo lidalimbanapo ndi kachilombo ka mtundu wa SARS kochokera ku mileme. Kafukufuku wina wa mu 2022 adawerengera kuti kum'mwera cha kum'mawa kwa Asia, anthu pafupifupi 66,000 angakhale akutenga tizilombo totere chaka chilichonse. Tambiri timathera mwa munthu mmodzi yemweyo, ngati khala la moto logwera pa udzu wauwisi. Koma khala likamagwa kaŵirikaŵiri, tsiku lina limapeza udzu wouma.

Musati n'zakutali

Mu 2018 akatswiri adafalitsa zomwe adapeza m'mapanga awiri a ku Zimbabwe, la Mabura ndi la Magweto. M'zitosi za mileme ya m'menemo mudali tizilombo ta korona ta mitundu ingapo, ndipo mapanga otere ndi omwe anthu a m'midzi amalowamo kukakumba zitosi zothira m'minda. Kafukufuku wotsatira wa mu 2022, m'dziko lomwelo, adaonetsa kuti tizilomboti timachuluka m'zitosi nyengo imene mileme ikubereka, kuyamwitsa ndi kuletsa ana kuyamwa. Kuno kum'mwera kwa Africa mileme yambiri yotere imabereka mvula ikamayamba, nthawi yomweyo imene mlimi ali kalikiliki kusakasaka chothira m'munda.

Ku Mozambique nako tizilombo ta korona tidapezeka m'mileme ya m'boma la Inhassoro. Ku South Africa mu 2013 adalengeza za kachilombo ka m'mleme kapachibale kwambiri ndi ka MERS, ndipo ku Kenya kudapezeka kapachibale ndi ka SARS. Ku Kasanka, m'dziko la Zambia, mileme yodya zipatso mamiliyoni angapo imasonkhana chaka chilichonse kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ina yochokera kutali ngati ku Congo. Mleme sufunsidwa chiphaso pa Mchinji kapena pa Mwanza.

Tinene chilungamo: palibe umboni woti tizilombo ta m'mapanga a ku Zimbabwe tadwalitsapo munthu, ndipo sitikulemba izi kuti wina asowe tulo. Koma feteleza atayamba kukwera mtengo mu 2021, ambiri tidatembenukira ku manyowa a mtundu uliwonse. Ena mwa ife timasesa zitosi za mileme m'madenga a sukulu, a matchalitchi ndi a nyumba zakale kukathira kudimba, ndi manja okhaokha, mphuno yosaphimba. Ngati anzathu a ku Zimbabwe adziwa zomwe zili m'mapanga awo, ifenso tiyenera kudziwa zomwe zili m'madenga athu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo kuwawa kwa mliri tidakulawa kale. Odwala Covid-19 oyamba m'dziko muno adalengezedwa pa 2 Epulo 2020. Matendawa adapha Amalawi oposa 2,600 amene adawerengedwa, kuphatikizapo nduna ziwiri zomwe zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale 2021. Sukulu zidatsekedwa kwa miyezi yoposa isanu mu 2020, ndipo atsikana ambiri m'midzi mwathu sadabwererenso m'kalasi chifukwa cha mimba ndi maukwati. Malire adavuta kudutsa, ogula adachepa, tomato ndi kabichi zidaolera pamsika.

Kwa amene akuti tingopha mileme

Pamisonkhano ya makalabu tamvapo ena akuti ngati mileme ndiyo nkhokwe ya matenda, bwanji osangoifukiza utsi, kutseka mapanga ndi kugwetsa mitengo imene imagonamo? Maganizo amenewa tikuwakana kwamtuwagalu.

Njira imeneyi idayesedwa kale ku Uganda. Mu 2007 anthu ogwira ntchito mumgodi wa Kitaka adadwala Marburg, matenda apachibale ndi Ebola amene amasungidwa ndi mileme ina yodya zipatso. Potsatira izi anthu adatchera maukonde, kupha mileme zikwizikwi ndi kutseka makomo a mgodiwo. Patangopita zaka zochepa mileme ina idabwerera, ndipo akatswiri atayeza mu 2012 adapeza kuti yokhala ndi kachilomboko idakwera kuchoka pa 5 kufika pa 13 mwa 100 iliyonse. Chaka chomwecho Marburg idabuka m'tauni ya Ibanda, kufupi ndi mgodiwo. Kupha mileme kumaibalalitsa, malo ake n'kudzaza yatsopano imene imatenga matenda mosavuta, ndipo opha aja amagwira magazi ndi malovu ndi manja awo.

Komanso mleme ndi waganyu wathu amene safunsa malipiro. Umasaka usiku, nthawi imene agulugufe oikira mazira a mbozi akuuluka pamwamba pa chimanga. Kafukufuku wa ku America wa mu 2015 adawerengera kuti pa chimanga chokha, ntchito ya mileme imapulumutsa alimi a dziko lonse lapansi ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Ku Limpopo, m'dziko la South Africa, alimi ena a mtedza wa makademiya amakhomera mileme timabokosi togonamo chifukwa imadya anunkhadala oononga mtedzawo. Ife amene tidaona ntchemberezandonda zikupukuta minda mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, tingathamangitse bwanji mlonda wotere? Mlambe nawo maluwa ake amatseguka usiku, ndipo mileme yodya zipatso ili m'gulu la zonyamula mungu wake. Wopha mleme akumana zidzukulu zake malambe.

Mlonda wolipidwa ndi mnansi

Ena akuti dziko losauka ngati lathu lilibe ndalama zoyezera zitosi za mileme, zimenezo tisiyire maiko olemera. Taonani komwe kusiyirako kwatifikitsa. Kuyambira 2009 boma la America, kudzera ku bungwe la USAID, lidaika ndalama pafupifupi madola 200 miliyoni mu ntchito yotchedwa PREDICT, yomwe idafika m'maiko oposa 30 n'kupeza tizilombo tatsopano pafupifupi 1,000. Ndalama zoyendera m'madera zidatha mu Sepitembala 2019, kutangotsala miyezi itatu kuti Covid-19 idziwike ku Wuhan. Ntchito ina yotchedwa DEEP VZN, ya madola 125 miliyoni, idakhazikitsidwa mu 2021 n'kuimitsidwa mu 2023. Mu 2025 bungwe la USAID lenilenilo lidatsekedwa. Mlonda amene akulipidwa ndi mnansi amachoka tsiku limene mnansiyo wasintha maganizo.

Amene adaimitsa ntchito yachiwiriyi anali ndi mfundo imene sitingaitaye: kulowa m'mapanga, kugwira mileme ndi kunyamula tizilombo kupita nato m'malabotale a m'mizinda kuli ndi ngozi yakeyake. Ndipo kudziwa maina a tizilombo 1,000 sikukuuza kuti kodzalumphira kwa anthu ndi kati. Mfundo imeneyi ikuchitira umboni zomwe ife tikunena. Malo otsika mtengo ndiponso osaopsa kwambiri oikapo diso ndi pomwe mleme, chiweto ndi munthu zimakumana: pakhola, pamsika wa ziweto, pophera nyama ndi pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Pamenepo chofunika ndi mlangizi wa ziweto wokhala ndi njinga yamoto, mafuta, bokosi lozizira losungiramo magazi, ndi labotale yoyankha msanga.

Maziko alipo kale. Tili ndi labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe, sukulu ya alangizi a ziweto ku Mikolongwe, madotolo a ziweto amene LUANAR idayamba kutulutsa mu 2019, ndi bungwe la Public Health Institute of Malawi. Covid-19 idatisiyira makina oyezera tizilombo m'zipatala zingapo ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito. Chosowa ndi ndalama zoyendetsera ntchito. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la bajeti ya zaulimi lakhala likuthera pa feteleza wotsika mtengo, ndipo ife sitikudana ndi feteleza. Koma mbuzi, nkhumba ndi nkhuku ndiyo banki ya mlimi. Ndizo zimalipira fizi, ndizo zimaombola feteleza yemweyo. M'dera limene mlangizi wa ziweto mmodzi akuyendera midzi yosawerengeka wapansi, ndipo dibi lidasanduka bwinja, musayembekeze kuti matenda achilendo angadziwike asanafale.

Chifukwa chake mlimi amabisa

Tsopano tidzinene tokha. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika chigodola cha nkhumba chikalowa m'mudzi. Yoyamba ikafa, mwini wake sathamangira kwa mlangizi. Amapha zotsalazo usiku, m'mawa nyama ili pachiwaya kumsika, zina wakweza panjinga kupita nazo kwa achibale kutsidya. Khalidwe limeneli n'loipa, ndipo ndi lomwe limafalitsa matenda. Koma odzudzula a pawailesi safunsa kuti mlimi amachitiranji zimenezi. Amachita chifukwa akanena, chotsatira ndi chiletso cha malonda, mwinanso kuphedwa kwa ziweto, iye n'kutsala padzuwa, anansi akumuloza chala kuti ndiye watseketsa msika. Kwa iye kunena kuli ngati kudziika yekha chingwe m'khosi.

Kachilombo katsopano kochokera ku mileme kakadzalowa m'makola athu kadzapeza khalidwe lomweli, chifukwa poyamba kadzaoneka ngati chigodola kapena kutsegula m'mimba wamba. Makina a mu labotale, angadule maka, sangayeze nkhumba imene yadyedwa kale.

Maiko amene amalamula kuti ziweto ziphedwe pofuna kuteteza anthu amadziwa kuti pafunika kulipira. Mu Novembala 2020 dziko la Denmark lidalamula kuti tinyama ta ubweya totchedwa mink, toposa 15 miliyoni, tiphedwe titatenga Covid-19 kwa anthu n'kuyamba kuibwezeranso kwa anthu. Nyumba ya malamulo ya kumeneko idavomereza chipukutamisozi cha mabiliyoni ambiri kwa alimiwo. Ku China, boma litaletsa kudya nyama zakutchire mu Febuluwale 2020, alimi osauka amene adalimbikitsidwa ndi akuluakulu omwewo kuweta tinyama tofanana ndi ntchenzi adatsala ndi ziweto zosagulitsika, mpaka zigawo monga Hunan ndi Jiangxi zidayamba kuwagula ziwetozo. Sitikuti Malawi ali ndi chuma cha Denmark. Tikuti mtengo wa nkhumba 50 za mudzi umodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wotseka dziko lonse.

Akuluakulu athu ululu umenewu akuudziwa, pakuti udawagweraponso. Mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa adazindikira mtundu watsopano wa Covid-19 wotchedwa Omicron, ndipo adauza dziko lonse mosabisa. Mphotho yake, Britain ndi America adatsekera zipata apaulendo ochokera kum'mwera kwa Africa, Malawi ali pamndandanda womwewo. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, yemwe analinso wapampando wa SADC, adadzudzula ziletsozo poyera, ndipo adalondola, chifukwa onena zoona ndiwo adalangidwa. Atsogoleri athu akumbukire zimenezi akamaganiza za mayi wa kumudzi amene wayenda mtunda kudzanena kuti nkhumba zake zikufa.

Otenga magazi abwerere ndi mayankho

Mamembala athu m'madera osiyanasiyana amasimba nkhani yofanana. Galimoto imafika, amatsika anthu ovala magolovesi, amatenga magazi a mbuzi ndi nkhumba, amalemba m'kope, amajambula zithunzi, n'kumapita. Zotsatira sizibwera. Mlimi amene adagwira mwendo wa nkhumba kuti ibayidwe sadziwa ngati ili bwino kapena ayi, pamene dzina la mudzi wake likukaoneka m'mabuku a kunja amene iye sadzawawerenga.

M'dziko muno kutenga magazi osafotokoza n'kuseweretsa moto. Sitidaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2002 ndi za mu 2017, pamene anthu osalakwa adaphedwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, mabungwe ena n'kuchotsa antchito awo m'maderawo. Mphekesera zimamera pomwe pali chinsinsi. Wofufuza amene wayamba wakhala pansi ndi amfumu, kalabu ya alimi ndi mlangizi wa zaumoyo, n'kudzabweranso kudzanena zomwe wapeza m'chilankhulo chathu, wadziteteza yekha, ndiponso wapeza maso mazanamazana omuthandiza ulele.

Palinso nkhani ya phindu. Mu 2007 dziko la Indonesia lidakana kutumiza kunja tizilombo ta chimfine cha mbalame, ponena kuti makampani akupanga nato katemera amene anthu ake sangakwanitse kugula. Mkanganowo udabala mgwirizano wa mu 2011 wogawana phindu. Mu 2021 tidaona ndi maso athu katemera wa Covid-19 akufika kuno mochedwa ndi mochepa, pamene maiko olemera anali ataunjika. Mu Meyi 2025 maiko a m'bungwe la WHO adavomereza pangano la miliri, koma gawo lonena za kugawana tizilombo ndi phindu lake adalisiya kuti likambidwe pambuyo pake. Oimira dziko lathu pa nkhani zotere adziwe kuti zotumizidwa kunjazo zimachokera m'makola ndi m'madenga athu.

Mbali yathu ife alimi

Sitingaloze boma chala manja athu ali akuda. Pali zomwe tingayambe lero popanda kudikira munthu.

Khola la nkhumba lisamangidwe pansi pa mtengo wa zipatso, ndipo ngati lilipo kale, lifoleredwe. Zipatso zolumidwa usiku tisadye, tisapatse ana kapena ziweto, tizikwirire. Zitsime ndi migolo ya madzi tizivindikira.

Posesa zitosi za mileme tiyambe tawaza madzi kuti fumbi lisauluke, tiphimbe mphuno ndi pakamwa, m'manja tivale magolovesi kapena majumbo, tikamaliza tisambe ndi sopo. Fumbi limeneli limasunganso nkhungu yodwalitsa mapapo. Ana asatumidwe ntchito imeneyi, ndipo nyengo ya mvula yoyamba, pamene mileme ili ndi ana, tipewe kulowa m'mapanga.

Mleme wogwa pansi usagwiridwe ndi manja. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mileme ina imasunga matenda ofanana ndi chiwewe. Mileme ya m'denga imachotsedwa potseka mipata itatuluka madzulo, m'nyengo imene ilibe ana, osati ndi utsi kapena poizoni.

Kalabu iliyonse isankhe munthu wolemba ziweto zakufa: tsiku, chiwerengero ndi zizindikiro. Ngati woweta wadwala nthawi imodzi ndi ziweto zake, auzidwe onse awiri, mlangizi wa ziweto ndi mlangizi wa zaumoyo.

Zomwe tikufuna

1. Boma liike mu bajeti ndalama zakezake za kalondolondo wa matenda ochokera ku nyama, zosadalira maiko othandiza, ndipo unduna wa zaulimi, unduna wa zaumoyo ndi nthambi ya nyama zakutchire azigwirira ntchitoyi pamodzi.

2. Nyumba ya Malamulo ikhazikitse thumba la chipukutamisozi, kuti mlimi amene wanena msanga ndipo ziweto zake zaphedwa alipidwe pa mtengo wa pamsika pasanathe masiku 30.

3. Alangizi a ziweto alembedwe ntchito okwanira, apatsidwe njinga zamoto, mafuta ndi zipangizo, ndipo pakhale nambala ya foni yaulere yonenerapo imfa zachilendo za ziweto.

4. Pachitike kalembera wa mapanga, madenga ndi mitengo momwe mileme imagona pafupi ndi anthu, malowa aziyezedwa nyengo ndi nyengo akatswiri athu ali patsogolo, ndipo madenga a sukulu ndi zipatala momwe muli mileme akonzedwe.

5. Wofufuza aliyense wotenga magazi kapena zitosi m'mudzi abweze zotsatira kwa eni mudzi pasanathe miyezi 6, m'chilankhulo cha deralo. Wolephera asapatsidwenso chilolezo.

6. Alimi akhale ndi mpando m'makomiti onse oona za matendawa, kuyambira paboma mpaka kulikulu.

Tikupempha makalabu onse kuti awerenge kalatayi pamsonkhano ukubwerawu ndi kukambirana, ndipo atsogoleri akapereke mfundozi kwa phungu wa dera lawo ndi kwa bwanamkubwa zokambirana za bajeti zisanayambe. Nkhanga zidapangana kusanapse. Ku Qingyuan ana a nkhumba 24,693 adafa, koma gwero lidadziwika chifukwa wa kuphanga ndi wa kukhola adamvana. Kuno kwathu a kukhola ndife, ndipo takonzeka kunena. Boma lingotitsimikizira kuti wonenayo sadzagona ndi njala chifukwa chonena.